Chikalata pa Nkhani ya Zilonda za M'mimba, Mitsempha ya Magazi ndi Kafukufuku wa pa Makoswe

Kwa mafumu athu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, akuluakulu a zaumoyo, eni magolosale ndi maokala, asing'anga, ndi anthu onse a m'boma la Dedza.

Ife ndife bungwe la azaumoyo ndi aphunzitsi a sayansi okhala m'mapiri muno mwa Dedza. Pakati pathu pali anamwino, madokotala, alangizi a zaumoyo, ogawa mankhwala, ogwira ntchito mu labotale ndi aphunzitsi a m'masukulu a sekondale. Ena akugwirabe ntchito, ena anapuma. Udindo umene tinapatsana pokhazikitsa bungweli ndi wotenga zimene akatswiri a sayansi apeza n'kuzifotokoza m'chinenero chimene anthu athu amalankhula pamudzi, komanso wochenjeza pamene dzina la sayansi likugwiritsidwa ntchito posokoneza odwala. Chikalata chino tachikambirana mofatsa, ndipo mawu ali m'menemu ndi a tonse.

Chatikhazika pansi ndi zinthu ziwiri zimene tikuziona ndi maso athu.

Choyamba ndi kamwedwe ka mankhwala opha ululu. Dera lathu ndi la anthu ogwira ntchito ndi thupi. Nyengo yokumba mbatata ya kachewere ku Bembeke, anyamata amasenza matumba kuchokera kumunda mpaka kumsewu tsiku lonse. Amayi amatsika m'phiri ndi mitolo ya nkhuni. Akabaza amapalasa zitunda zimene ngakhale galimoto imakwera mobuula. Mwezi wa June ndi July chisanu chikagwa, msana, mawondo ndi chiuno zimaphwanya, ndipo munthu sangagone chifukwa mawa ntchito ikumudikira. Ndiye amapita pa okala n'kunena kuti, "Ndipatseni Brufen awiri ndi Indocid mmodzi." Wogulitsa amadula mapiritsiwo ndi sizasi, n'kuwakulunga m'kapepala, popanda mawu ena alionse. Munthu uja amameza onse pamodzi, m'mimba muli pululu, nthawi zina n'kutsirira kachasu kuti thupi lifunde. Mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Patapita masabata, anamwino athu amamulandira atanyamulidwa panjinga, zikhatho zili mbuu, akuchita chizungulire akangodzuka, chimbudzi chake chili chakuda bii. Akamufunsa ngati wakhala akumwa mankhwala ena alionse amayankha kuti ayi, chifukwa kwa iye timapiritsi ta pa okala si mankhwala enieni, ndi tongothandizira kuti agwire ntchito.

Chachiwiri ndi malonda. Pa masiku a msika, komanso m'magulu a WhatsApp, kwachuluka anthu ogulitsa ufa ndi madzi a m'mabotolo amene amati amachiritsa zilonda za m'mimba kotheratu. Kale ogulitsa otere ankangotchula makolo kapena maloto. Masiku ano chimkuzamawu chimalengeza kuti mankhwalawo "anayesedwa ku labotale pa makoswe." Anthu akamva mawu oti labotale amatulutsa ndalama imene anagulitsira nyemba, ndipo ena amasiya mankhwala amene anapatsidwa kuchipatala.

Zinthu ziwirizi zimakumana pa khoswe. Kafukufuku wa pa makoswe ndi amene anaulula chifukwa chake mapiritsi aja amavulaza chifu, ndipo dzina la kafukufuku yemweyo ndi limene likugwiritsidwa ntchito pogulitsa zinthu zosadziwika. N'chifukwa chake taona kuti n'koyenera kufotokoza bwinobwino zimene kafukufukuyu anapeza, ngakhale kufotokozako kutenge nthawi.

Chifu chimatulutsa asidi wamphamvu kwambiri, amene pamodzi ndi madzi ena ogayira chakudya amasungunula nyama. Funso limene linasautsa akatswiri kwa zaka zambiri linali lakuti: nanga chifucho, poti nachonso ndi mnofu, chimapulumuka bwanji? Yankho lake lili m'zinthu zingapo zogwira ntchito pamodzi. Khoma la m'kati mwa chifu limakutidwa ndi madzi olenda. Pansi pa madziwo, khomalo limatulutsa mchere wa mtundu wa soda umene umachepetsa ukali wa asidi asanafike pamnofu. Maselo a pamwamba pa khomalo amatha msanga, koma pa masiku ochepa okha ena atsopano amakhala atalowa m'malo mwake. Ndipo zonsezi zimadalira chinthu chimodzi: magazi oyenda bwino m'timitsempha ting'onoting'ono tomwe tili pansi pa khomalo. Magazi ndi amene amabweretsa mpweya wabwino ndi chakudya cha maselo, amabweretsa soda uja, ndipo amakokolola asidi amene walowerera m'mnofu.

Mlimi wa dimba amadziwa zimene zimachitika wina akatseka ngalande kumtunda mu October. Dzuwa ndi lomwe lija la dzulo, silinawonjezere ukali, koma mbewu zimafota chifukwa madzi aleka kufika. Chifu nachonso n'chimodzimodzi. Asidi angakhale wochuluka monga mwa masiku onse, koma magazi akachepa pakhoma lake, asidi yemweyo amayamba kudya mnofu.

Mitsempha ya magazi ili ndi minofu m'makoma mwake, moti imatha kufinyika ndi kumasuka. Zina mwa zimene zimailamula kuti ifinyike ndi timapuloteni tating'ono kwambiri timene thupi limapanga lokha, tomwe akatswiri amatitcha ma peptide. Titatu ndi todziwika kwambiri pa nkhani ino. Angiotensin II imapangidwa impso zikazindikira kuti kuthamanga kwa magazi kwatsika. Vasopressin imachokera m'kachiwalo kakang'ono kokhala pansi pa ubongo, ndipo kuwonjezera pa kufinya mitsempha imauza impso kuti zisunge madzi. Kachitatu ndi endothelin, kamene kamapangidwa ndi maselo oyala m'kati mwa mitsempha yeniyeniyo.

Tisazione zinthu zimenezi ngati adani a thupi. Mayi akataya magazi ambiri pobereka, kapena munthu akachita ngozi pamsewu wa M1, ndi timapuloteni timeneti timene timafinya mitsempha ya pakhungu ndi ya m'mimba kuti magazi otsalawo apite ku ubongo ndi kumtima. Munthu amapulumuka motero. Koma chifu ndi matumbo ndi zimene zimamanidwa magazi pa nthawi imeneyo, ndipo kumanidwako kukapitirira, khoma la chifu limang'ambika.

Madokotala anaziona zimenezi kalekale asanadziwe chifukwa chake. Mu 1842 dokotala wa opaleshoni wa ku London, Thomas Curling, anafotokoza za anthu opsa kwambiri ndi moto amene ankatuluka zilonda m'matumbo, pamalo pomwe matumbo amalumikizana ndi chifu, ngakhale moto sunafike kumeneko. Mu 1936 Hans Selye, ku Montreal m'dziko la Canada, anaona kuti makoswe amene avutitsidwa ndi zinthu zosiyanasiyana, monga kuzizira kwambiri, kuvulala kapena mankhwala aululu, onse ankatuluka zilonda m'chifu. Zoyambitsa zinali zosiyana, koma chilonda chinali chofanana.

Mu 1971 John Vane, ku London, anapeza kuti aspirin ndi mankhwala a m'gulu lake, monga Indocid uja, amagwira ntchito poletsa thupi kupanga zinthu zotchedwa prostaglandin. Zinthu zimenezi ndi zimene zimakolezera ululu ndi kutupa pamalo povulala, ndiye zikachepa ululu umachepa. Vuto ndi lakuti m'chifu prostaglandin ali ndi ntchito ina: amamasula mitsempha, ndipo amalimbikitsa khoma kutulutsa madzi olenda aja ndi soda. Piritsi silisankha. Likaletsa prostaglandin pabondo, laletsanso m'chifu. Vane analandira mphoto ya Nobel mu 1982. Mu 1979 André Robert, ku America, anaonetsa mbali inayo ya nkhaniyi: makoswe amene anayamba apatsidwa prostaglandin pang'ono chabe, chifu chawo chinkapirira mowa waukali kwambiri ndi asidi wamphamvu, pamene cha makoswe osapatsidwa chinkaonongeka.

Kenaka mu 1988, pa yunivesite ya Tsukuba ku Japan, Masashi Yanagisawa ndi anzake, motsogozedwa ndi Tomoh Masaki, anapeza endothelin m'maselo a mtsempha waukulu wa nkhumba. Ndi kapuloteni ka tizigawo 21 tokha, koma kanapezeka kuti n'kamodzi mwa zinthu zofinya mitsempha mwamphamvu koposa zonse zodziwika, ndipo kakafinya sikasiya msanga. Chaka chomwecho Brendan Whittle ndi Juan Esplugues ku England anayesa kuona zimene kangachite m'chifu. Khoswe ankamugoneka tulo ndi mankhwala, n'kulowetsa kapaipi kowonda kwambiri mumtsempha wopita kuchifu, n'kumadonthezeramo endothelin wochepa zedi. Pa mphindi zowerengeka, khoma la m'kati mwa chifu linkasanduka: magazi ankaima m'timitsempha, n'kuoneka mizere ndi madontho ofiira moderapo, malo ena n'kumachucha magazi. Ofufuzawo ankayeza kukula kwa malo oonongekawo, ndipo endothelin akachuluka, malowo ankakulanso. Mu 1989 John Wallace ndi anzake ku Canada anapeza chinthu chimene ife tikuchiona kuti n'chofunika koposa kwa anthu a kuno. Chifu cha khoswe amene walandira endothelin chinkavulazidwa ndi mowa kapena asidi wochepa mphamvu, amene pa chifu chabwinobwino sakanaononga kwambiri. Ndipo khoswe akayamba wapatsidwa indomethacin, amene ndi Indocid yemwe uja wa pa okala, kuonongekako kunkakula.

Akatswiri ena anapitiriza ntchitoyi m'zaka zotsatira. Anapeza kuti mowa waukali ukafika m'chifu cha khoswe, chifucho chimatulutsa endothelin wake, ndipo akaletsa mphamvu ya endothelin ndi mankhwala ena, zilonda zinkachepa. Zofanana ndi zimenezi zinaoneka pa makoswe amene ataya magazi ambiri. Pa angiotensin II napo, makoswe amene anapatsidwa mankhwala oletsa mphamvu yake sankatuluka zilonda zambiri akavutitsidwa ndi kuzizira. Kunadziwikanso kuti maselo omwe aja oyala m'mitsempha amatulutsa mpweya wotchedwa nitric oxide, umene umamasula mitsempha. Amene anatulukira ntchito ya mpweyawu, Robert Furchgott, Louis Ignarro ndi Ferid Murad, analandira mphoto ya Nobel mu 1998. Motero m'khoma la chifu muli zofinya mitsempha mbali ino, zomasula mbali inayo, ndipo chifu chimakhala bwino mbali ziwirizi zikamalingana. Mapiritsi a gulu la Brufen amachotsa zina mwa zomasula. Mowa waukali umawonjezera zofinya. Fodya nayenso amafinya mitsempha ndipo amachedwetsa chilonda kupola. Mnyamata wosenza matumba uja, akameza mapiritsi atatu m'mimba mopanda kanthu, n'kumwera kachasu, n'kuyatsa ndudu, wachita zonse zitatu pa chifu chimodzi.

Tiyenera kunenanso kuti mitsempha si nkhani yonse. Mu 1982, ku Perth m'dziko la Australia, Robin Warren ndi Barry Marshall anapeza kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori kamene kamakhala m'chifu cha munthu. Ambiri sanawakhulupirire, mpaka mu 1984 Marshall anamwa yekha madzi okhala ndi tizilomboto n'kudwala m'mimba. Analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Lero n'zodziwika kuti zilonda zambiri za m'chifu zimayamba ndi kachilombo kameneka kapena mankhwala opha ululu aja, ndipo zonse ziwiri zikakumana mwa munthu mmodzi ngozi imakula. Kachilomboka n'kofala kwambiri m'mayiko a mu Africa, ndipo ambiri amakatenga ali ana. Uthenga wabwino ndi wakuti kamaphedwa ndi mankhwala a kuchipatala: ochepetsa asidi monga omeprazole pamodzi ndi mitundu iwiri ya mankhwala opha tizilombo, omwedwa kwa sabata imodzi kapena ziwiri mosadumphitsa. Mkaka, soda wa m'kapu ndi kusala tsabola zingatonthoze kutentha kwa pamtima kwa kanthawi, koma sizipha kachilomboka.

Tsopano tinene maganizo athu.

Ife tikuvomereza kuti kafukufuku wa pa makoswe watiphunzitsa zinthu zoona ndi zothandiza. Popanda iye sitikanadziwa chifukwa chake wodwala wopsa ndi moto amasanza magazi, kapena chifukwa chake piritsi lothandiza bondo limaboola chifu. Koma tikukana ndi mtima wonse kuti mawu oti "anayesedwa pa makoswe" akhale chilolezo chogulitsira munthu mankhwala. Kuyesa pa nyama ndi khomo loyamba chabe. Pambuyo pake pamafunika kudziwa mlingo umene munthu angapirire, kuona ngati chiwindi ndi impso sizikuonongeka, kenaka kuyesa pa odwala ambiri amene avomera okha atafotokozeredwa bwino, moyang'aniridwa ndi makomiti oona za ufulu wa anthu pa kafukufuku. Mankhwala ambiri amene amaoneka abwino pa nyama amalephera pa masitepe amenewa.

Nkhani ya endothelin yomweyi ikuchitira umboni. Makoswe anaonetsa kuti kuletsa endothelin kumateteza chifu. Mankhwala oletsa endothelin anapangidwadi, ndipo oyamba, otchedwa bosentan, analoledwa ku America mu 2001, patapita zaka 13 chitulukiridwe endothelin. Koma analoledwa pa matenda ena, a kuthamanga kwa magazi m'mitsempha ya m'mapapo, osati pa zilonda za m'mimba. Ndipo amafuna kusamala kwambiri, chifukwa amatha kuvulaza chiwindi komanso mwana wosabadwa. Ngati akatswiri okhala ndi zipangizo zonse anayenda ulendo wautali chonchi n'kukathera kwina, sitiona chifukwa chokhulupirira botolo lopanda dzina la wopanga, lopanda mlingo, lopanda tsiku lothera ntchito, pongomva kuti khoswe wina kwinakwake anamwako.

Thupi la khoswe limasiyananso ndi la munthu. Indocid ndi chitsanzo: khoswe samupirira mpang'ono pomwe, moti m'mayiko ena monga Nigeria anthu amamusakaniza ndi chakudya pofuna kupha makoswe m'nyumba, ndipo makoswewo amafa ndi zilonda za m'chifu ndi m'matumbo. Munthu amapirira kuposa pamenepo, n'chifukwa chake madokotala amatha kumulembera kwa masiku ochepa. Koma njira imene mankhwalawa amavulazira khoswe ndi yomweyo imene amavulazira munthu akamamwa mosalekeza.

Pali chifukwa china chimene tikupemphera anthu kuti asamadziyeze okha. Kusanza magazi sikutanthauza zilonda za m'chifu nthawi zonse. Boma lathu limatsika kuchoka kumapiri mpaka kunyanja, ndipo abale athu a ku Mtakataka ndi Golomoti amakhala m'dera la likodzo. Likodzo la m'matumbo likakhalitsa m'thupi limaumitsa chiwindi, magazi n'kumavutika kudutsamo, ndipo mitsempha ya kum'mero imatupa mpaka kuphulika. Matenda a chiwindi obwera ndi mowa kapena ndi tizilombo ta hepatitis B amachitanso zomwezo. Pa odwala otere, kufinya mitsempha ya m'mimba ndiko kumathandiza, moti m'zipatala zimene ali nawo madokotala amabaya mankhwala otchedwa terlipressin, opangidwa motengera vasopressin, kuti magazi achepe kutuluka. Mphamvu yomweyo imene imavulaza chifu cha wina imapulumutsa moyo wa wina. Wosiyanitsa ziwirizi ndi dokotala amene wamuyeza wodwalayo, nthawi zina pomutumiza ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe kuti akamuunike m'kati ndi kapaipi ka kamera. Wogulitsa pamsika, ngakhale akhale wa mtima wabwino chotani, alibe njira yodziwira.

Za nyama zoyeserapo, maganizo athu ndi awa. Zimene tafotokoza pamwambazi zinadziwika chifukwa nyama zambiri zinavutika ndi kufa. Ena mwa mamembala athu zimenezi zimawapweteka, ndipo sitikuwaletsa. Mu 1959 William Russell ndi Rex Burch a ku Britain anayala mfundo zimene mayiko ambiri amatsatira lero: pamene pali njira ina yopezera yankho, nyama isagwiritsidwe ntchito, pamene palibe, nyama zikhale zochepa monga kungathekere, ndipo zisamalidwe kuti ululu ukhale wochepa. Tikugwirizana ndi mfundo zimenezi, ndipo tikufuna kuti aliyense woyesa zitsamba za dziko lathu pa nyama azitsatire. Kutchula makoswe pofuna kukopa ogula, pamene palibe chimene chinayesedwa, ndi kunyoza ntchito imene inalipiridwa ndi miyoyo ya nyamazo.

Chifukwa cha zonsezi, bungwe lathu lagwirizana zotsatirazi.

Kwa anthu onse a m'boma lino, pempho lathu ndi lakuti Brufen, Indocid, diclofenac ndi aspirin musamaziphatikize. Onsewa ndi a gulu limodzi. Kuwaphatikiza sikuwonjezera mpumulo kwenikweni, kumangowonjezera ngozi. Musawamwere mowa, ndipo musawamwe kwa masabata popanda kuonana ndi achipatala. Pa ululu wamba wa mutu kapena kuphwanya kwa thupi, Panado pa mlingo wolembedwa papaketi savulaza chifu ngati mmene amachitira enawa, ngakhale kuti iyenso ukapyola mlingo amaononga chiwindi. Agogo athu, amayi oyembekezera, anthu amene anadwalapo zilonda za m'mimba, odwala impso kapena mtima, ndi amene akumwa prednisolone, asayambe mankhwala a gulu la Brufen popanda dokotala. Amene anapatsidwa aspirin wochepa mphamvu ndi dokotala chifukwa cha mtima kapena sitiroko asasiye okha atawerenga chikalata chino, apite akafunse. Ndipo mukafika kuchipatala, tchulani chilichonse chimene mwakhala mukumwa, cha pa okala ndi cha kwa asing'anga chomwe. Palibe amene akufuna kukudzudzulani. Namwino akufuna kudziwa poyambira.

Munthu akasanza magazi kapena masanzi akuda, akachita chimbudzi chakuda bii, akamva kupweteka koopsa kwadzidzidzi m'mimba mpaka mimba kuuma gwa, ameneyo anyamulidwe nthawi yomweyo, usiku kapena masana, kupita ku chipatala chaching'ono chapafupi, ku chipatala cha boma cha Dedza, ku Mua kapena kulikonse kumene angafike msanga. Amene akuonda popanda chifukwa, kapena nsima ikumuima pakhosi pomeza, asazengereze poganiza kuti ndi zilonda wamba, pakuti Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya kum'mero ndi yochuluka kwambiri.

Nkhani ya moto tikuiika payokha chifukwa ndi ya kuno kwathu. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri lake n'kupitirira mamita 2,000, ndipo m'nyengo yozizira banja lililonse limaotha moto. Ana ang'onoang'ono ndi anthu odwala khunyu ndi amene amagwera pamoto kapena kukhuthukiridwa phala lotentha. Munthu wopsa malo aakulu amataya madzi ambiri kudzera pabalapo, magazi amachepa m'mitsempha, ndipo timapuloteni tija timayamba kumana chifu, matumbo ndi impso magazi. Bala likuoneka pakhungu, koma ngozi ina ikuchitika m'kati. Thirani madzi oyera ozizirira pabalapo kwa mphindi pafupifupi 20, osati mazira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano. Mfunditseni wodwalayo kuti asazizidwe, ndipo thamangirani naye kuchipatala kumene angamuike madzi a m'mitsempha msanga. Tikupempha mafumu kuti nkhani yotchinga moto pamene pali ana ndi odwala khunyu izikambidwa pabwalo chisanu chisanayambe.

Eni magolosale ndi maokala ndinu abale athu, ndipo tikudziwa kuti m'midzi yambiri inu ndi amene muli pafupi ndi wodwala kuposa chipatala. Sitikukuonani ngati olakwa. Tikukupemphani kuti muzigulitsa mankhwala okhawo amene malamulo amakulolani, musamasakanize mapiritsi a mitundu yosiyana m'kapepala kamodzi, ndipo munthu akamabwera tsiku ndi tsiku kudzagula opha ululu, mumuuze mwachikondi kuti akaonane ndi achipatala. Mamembala athu ndi okonzeka kukhala nanu pansi kwaulere ndi kukuonetsani mayina a mankhwala amene ali a gulu limodzi, chifukwa ambiri amabwera m'mapaketi a mayina osiyanasiyana pamene m'kati muli chinthu chomwecho.

Asing'anga, ulemu wathu kwa inu ndi wosakayikitsa. Mankhwala ambiri a kuchipatala anayambira m'chilengedwe: aspirin anayambira ku makungwa a mtengo, ndipo captopril, mankhwala a kuthamanga kwa magazi amene amaletsa thupi kupanga angiotensin II, anayambira ku ululu wa njoka ya ku Brazil umene Sérgio Ferreira anaufufuza. N'kutheka ndithu kuti m'nkhalango ya Chongoni kapena m'phiri la Dedza muli mitengo yoteteza chifu. Koma njira yoti zimenezi zidziwike ndi kuyesa koona, kolembedwa, koti wina aliyense angakuunike. Tikukupemphani kuti wodwala wa zizindikiro zimene tatchulazi muzimutumiza kuchipatala osamusunga, ndipo mutithandize kudzudzula amene akubisala m'dzina lanu ndi m'dzina la labotale nthawi imodzi.

Ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene lamulo linalipatsa mphamvu yoyang'anira mankhwala m'dziko muno, komanso ku khonsolo ya boma lathu, tikupempha kuti aliyense wolengeza pagulu kuti mankhwala ake anayesedwa azifunsidwa kuonetsa kumene anayesedwa, amene anayesa, ndi zimene anapeza. Tikupemphanso kuti machenjezo a pa mankhwala opha ululu azipezeka m'Chichewa. Ku Kamuzu University of Health Sciences, ku Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources ndi ku National Commission for Science and Technology, pempho lathu ndi lakuti kafukufuku wa zitsamba zathu alimbikitsidwe ndi kuchitidwa mwadongosolo, ndipo zotsatira zake, zabwino ndi zokhumudwitsa zomwe, zizibwerera kwa anthu amene anapereka mizu ndi nzeru zawo.

Ifenso tadzipatsa ntchito. Aphunzitsi a m'bungwe lathu aphunzitsa nkhani ya chifu ndi magazi m'makalabu a sayansi a m'masukulu mwawo, kuti ana akafotokozere makolo kunyumba. Azaumoyo athu, atapempha chilolezo kwa mafumu ndi makomiti a misika, aziima pa masiku a msika ku Bembeke, Chimbiya, Linthipe, Lobi ndi Mayani, atanyamula mapaketi opanda kanthu a mankhwala ofala, kuti aliyense aone ndi maso ake amene sayenera kuphatikizidwa. Tiyamba ndi magulu a osenza matumba ndi akabaza. Nyengo yozizira ikatha tidzakumananso, ndipo zimene tachita ndi zimene zatikanika tidzazilemba ndi kuzipereka kwa mafumu ndi ku ofesi ya zaumoyo ya boma lino.

Komiti yaikulu, m'malo mwa mamembala onse,
Dedza.